DIMBA LA PAKHOMO: KUBZALA NDIWO M'MATUMBA, M'MBIYA NDI M'ZIDEBE

Phunziro la mabanja a ku Vubwi, Katete ndi Sinda

Ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, kumene Zambia acita malire ndi Malawi ndi Mozambique, mvula iyamba m'mwezi wa Novembala, nileka m'Marici kapena m'Epulo. Pa nyengo ya dzinja ndiwo sizisowa. Nkhwani, khwanya, citambe, bonongwe, luni, denje ndi cisoso zipezeka m'munda ndi m'mbali mwa njira, ndipo mwana ali yense adziwa pozithyola. Koma pofika mwezi wa Ogasiti masamba onsewo auma, mfutso wa m'cikwatu ucepa, ndipo kuyambira pamenepo kufikira mvula itagwanso mabanja ambiri adya nsima ndi ndiwo imodzimodzi masiku onse. Momwemonso ku Katete ndi ku Sinda.

Amene ali ndi dimba ku dambo apulumuka pa nyengo imeneyi. Koma si banja liri lonse liri nalo dimba. Ena dambo liwatalikira. Ena ndi nkhalamba zosakhoza kuyenda ndi khasu ndi cidebe. Ena ndi amai amasiye olera ana okha. Ena akhala pa boma kapena pa sukulu, pa malo a eni. Phunziro ili lifotokoza za dimba laling'ono limene anthu otere akhoza kukhala nalo pakhomo peni peni, m'ziwiya zimene zikanatayidwa ku dzala.

1. CIFUKWA CACE NDIWO ZA MASAMBA ZIFUNIKA CAKA CONSE

Nsima ikhutitsa mimba, nipatsa mphamvu ya kugwira nchito, koma pa yokha siikwanira kumanga thupi la mwana. M'masamba obiriwira muli vitamini A, amene asunga maso ndi kuthandiza thupi kukana matenda; mulinso za kupanga magazi, zimene mai wapakati ndi mai woyamwitsa azifuna koposa. Mwana wosowa vitamini A ayamba kusaona bwino kukacita mdima, ndipo cikuku kapena kutsegula m'mimba kumgwetsa msanga. Ndico cifukwa cace kuyambira caka ca 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia aonjezedwa vitamini ameneyu. Koma shuga afuna ndalama, pamene bonongwe afuna madzi ndi dzanja losamala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lilangiza kuti munthu wamkulu adye magalamu 400 a ndiwo za masamba ndi zipatso tsiku liri lonse. Ndipo pa kafukufuku wa za umoyo wa m'caka ca 2018 kunapezeka kuti mwa ana 100 ali onse a m'Zambia osafika zaka zisanu, ana 35 anali opinimbira, ndiko kuti afupi kosayenera zaka zao. Kupinimbira kuyamba mwana akali m'mimba kufikira atakwana zaka ziwiri, ndipo cimene cataika pa masiku amenewo cibvuta kucibweza pambuyo pace.

Palinso cilala. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndi cimanga ca pa mahekitala ngati miliyoni imodzi cinaonongeka. Cigawo ca Kum'mawa cinali pakati pa zigawo zosautsidwa. Caka cotere madambo auma msanga, ndipo madzi ocepa otsala ayenera kugwira nchito kawiri: ayambe atsuka mbale, pambuyo pace athirire ndiwo.

2. KUMENE NZERU IMENEYI INAYESEDWA

Ku Kibera, mudzi waukuru wa anthu osauka mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, nyumba zithithikana kotero kuti palibe polima. M'caka ca 2008, citatha cipolowe ca pa masankho, cakudya cinakwera mtengo, ndipo bungwe lina la ku France, la Solidarités, linaphunzitsa mabanja a kumeneko kudzaza dothi m'matumba ndi kuoka ndiwo pamwamba ndi m'mbali mwace. Mabanja zikwi zambiri anayamba kuthyola masamba pakhomo pao, ena nagulitsako otsala. Ku Lesotho, dziko la mapiri ndi cisanu, anthu amanga dimba lozungulira la miyala lofika m'cuuno, ndi dengu pakati pace lotayamo makoko ndi madzi otsukira mbale, kuti nkhalamba ndi odwala alime osawerama.

Nzeru ya kuthirira ndi mphika wokwiriridwa pansi ndi yakale koposa izi. Inalembedwa ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo ndi mlangizi wa malimidwe dzina lace Fan Shengzhi. M'Zambia momwemuno, A. E. Daka anaiyesa pa ndiwo za masamba, ndipo m'zolemba zace za m'caka ca 2001 anaonetsa kuti mphika wotere upulumutsa theka la madzi kapena kuposapo, poyerekeza ndi kuthirira pamwamba.

Ndipo Acewa sali alendo pa zimenezi. Mai ali yense anaonapo maungu ndi bonongwe zomera zokha pa dzala, zonenepa koposa za m'munda, cifukwa pamenepo pagwa phulusa, zinyalala zoola ndi madzi a m'mbale. Dimba la m'ciwiya ndilo kutenga mphamvu ya pa dzala ndi kuiika pamalo pochingika, posafika mbuzi.

3. ZIWIYA ZOYENERA NDI ZOSAYENERA

Ciwiya ciri conse cosunga dothi ndi kuturutsa madzi pansi cikhoza kugwira nchito: thumba la makilogalamu 50, cidebe cobooka, beseni lotha, cigubu codulidwa pakamwa, mbiya yong'aluka, dengu lakale loyalamo thumba, kapena mgolo wodulidwa pakati. Kuya kwace kulingane ndi mizu ya mbeu. Bonongwe, luni ndi anyezi akwanira m'dothi lakuya masentimita 20, ndiwo muyeso wa cikhato cotambasula. Repu ndi mpiru zifuna masentimita 25 kapena 30. Matimati, tsabola, mabiringanya ndi therere zifuna cidebe ca malita 20, tsinde limodzi m'cidebe cimodzi.

Lamulo loyamba ndi ili: ciwiya cikhale ndi ziboo pansi. Mizu ipuma mpweya monga munthu, ndipo dothi likadzala madzi masiku awiri kapena atatu mizu iola, masamba nacita cikasu. Cifukwa cace wobzala aboole ziboo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi ndi msomali wamoto, nakhazike ciwiyaco pa miyala kapena pa njerwa, kuti madzi aturuke ndi kuti ciswe cisakwere msanga. Thumba lolukidwa silifuna kuboola pansi, pakuti madzi adzipezera okha njira.

Pali ziwiya zina zoopsa. M'maboma awa alima thonje ndi fodya, ndipo m'midzi mupezeka zigubu ndi mabotolo a mankhwala ophera tizirombo. Zimenezi zisabzalidwemo kanthu, zisatungiridwe madzi, zingakhale zatsukidwa kangati, pakuti ululu ulowerera m'kati mwa pulasitiki. Momwemonso mgolo wa mafuta a galimoto, citini ca penti, cibokosi ca batire, ndi thumba limene munali mbeu zopaka mankhwala. Thumba la feteleza liloledwa likayamba latsukidwa bwino. Tayala lakale ligwira nchito ngati ladzazidwa dothi kufikira m'mphepete monse. Likatsala ndi mphako lisunga madzi a mvula, ndipo udzudzu uswana momwemo.

4. KUKONZA DOTHI

Mbeu ya m'munda itambasula mizu kufunafuna cakudya kutali; mbeu ya m'ciwiya idya cokhaco cimene mwini wace anaikamo. Cifukwa cace kukonza dothi ndiko theka la nchito yonse.

Dothi labwino ndi lakuda la pamwamba, la pansi pa mitengo, makamaka pansi pa msangu, umene uyoyola masamba ace m'dzinja ndi kunenepetsa nthaka. La pa culu liri ndi mphamvu, koma limata. Katondo ndi makande nazonso ziuma gwa ngati njerwa zikakhala zokha m'cidebe. La pa dzala lakale ndi labwino, koma liyambe lasefedwa, kucotsa magalasi, mapulasitiki ndi mabatire otha. Dothi la m'munda umene munali fodya kapena matimati caka catha lipewedwe, cifukwa ca nthenda ya mizu imene ifotokozedwa m'munsimu.

Muyeso wace ndi uwu: zidebe ziwiri za dothi, cidebe cimodzi ca manyowa oola, ndipo ngati dothi liri lomata, cidebe cimodzi ca mcenga wa ku mtsinje. Pa thumba limodzi aonjezepo phulusa la nkhuni lodzala manja kamodzi kapena kawiri, osapitirira. Poyesa, munthu anyowetse dothilo pang'ono nalifumbate: likagwirana, koma ndi kuyoyoka polikhudza ndi cala, lakhala bwino. Likamata ngati dongo loumbira, lifuna mcenga. Likakana kugwirana, lifuna manyowa.

Manyowa akhale oola ndithu. Ndowe zaziwisi za ng'ombe kapena za mbuzi, ndi zitosi za nkhuku koposa zonse, zitentha mizu ya mbande, ndiponso zinyamula matenda a m'mimba. Ziunjikidwe pa mthunzi pamodzi ndi udzu ndi masamba, zinyowetsedwe, zitembenuzidwe kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Pakutha miyezi iwiri kapena itatu zidzakhala zakuda, zozizira, zonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. Wosowa ziweto aoletse masamba a gilirisidiya, mtengo umene alimi ambiri a Cigawo ca Kum'mawa aubzala m'minda mwao, pamodzi ndi makoko a nshawa ndi masangwe a nyemba.

5. KAMANGIDWE KA DIMBA LA M'THUMBA

Thumba liposa ziwiya zina cifukwa libala pamwamba ndi m'mbali momwe, pa malo osakwana phazi limodzi lalikuru uku ndi uku. Zofunika ndi izi: thumba, dothi lokonzedwa, timiyala tonga dzira la nkhunda todzala cidebe cimodzi, citini cocotsedwa pamwamba ndi pansi pomwe, zikhomo zitatu kapena zinai, ndi mpeni.

Coyamba, asankhe malo ofika dzuwa maora asanu ndi limodzi pa tsiku. Mbali ya kum'mawa kwa nyumba ndiyo yabwino, pakuti ilandira dzuwa la m'mawa, nibisika ku dzuwa loocha la masana. Thumba lodzala silinyamulika, tsono limangidwe pomwepo pamene lidzakhala.

Caciwiri, apinde milomo ya thumba kufikira pansi, nathiremo dothi la muyeso wa cikhato. Aimike citini pakati, nacidzaze timiyala. Kunja kwa citini athire dothi kuzungulira, nalitsendere pang'ono ndi manja.

Cacitatu, akweze citini pang'ono pang'ono, kusiya timiyala tiri ciimire pakati pa dothi. Acidzazenso, nathirenso dothi m'mbali, nafunyulule thumba. Atero kufikira thumba ladzala. Pamenepo pakati pa thumba pali mzati wa miyala wocokera pansi kufikira pamwamba. Nchito ya mzatiwo ndiyo kutsitsa madzi ndi mpweya ku mizu ya m'munsi. Popanda uwo mbande za pamwamba zimwa madzi onse, ndi za pansi zifota.

Cacinai, akhome zikhomo kuzungulira thumba, nalimange ndi luzi kuti lisapendekeke. Athire madzi okwanira pa mzati wa miyala, nalileke masiku awiri kapena atatu kuti dothi likhazikike.

Cacisanu, aceke ziboo m'mbali, zolowa zala ziwiri, zotalikirana masentimita 15 kapena 20, m'mizere yosemphana, kuti mbande ya pamwamba isaphimbe inzace ya pansi. Mzere woyamba uyambe cikhato cimodzi kucokera pansi. Thumba la makilogalamu 50 lilandira mbande 15 kufikira 20 m'mbali, ndi zina zinai kapena zisanu pamwamba.

Cacisanu ndi cimodzi, aoke mbande madzulo, dzuwa litapepa. Alowetse cala m'ciboo, naike muzu wolozetsa pansi, natsendere dothi. Pamwamba aphimbe ndi udzu wouma. Dzuwa lifumbutsa thumba m'caka cimodzi kapena ziwiri. Wolikulunga ndi udzu kapena mphasa yakutha alitalikitsa moyo, naziziritsanso mizu.

6. MBEU ZOYENERA

M'mbali mwa thumba muyenera ndiwo zothyola masamba kawiri kawiri: repu, mpiru ndi kholowa. Repu ndi mpiru ziyamba zafesedwa pa nazale, imene ikhoza kukhala beseni lotha. Pakutha masabata atatu kapena anai, mbande zikakhala ndi masamba anai, ziokedwa, ndipo patapitanso masabata atatu kapena anai kuthyola kuyamba. Kholowa safuna mbeu yogula: mpheto ya mbatata yotalika ngati mkono wa mwana ilowetsedwa m'ciboo, niphuka. Pamwamba pa thumba payenera anyezi, tsabola, kapena bonongwe wofesa.

Ndiwo za makolo zisanyozedwe. Bonongwe, luni ndi citambe zipirira kutentha kwa cilimwe koposa repu, sizigwidwa msanga ndi tizirombo, ndipo mbeu zace munthu asunga yekha. Njere za bonongwe ndi zazing'ono, tsono zisakanizidwe ndi mcenga pofesa. Pakutha masabata atatu kapena anai apatulira, ndipo zopatulazo ndizo ndiwo zoyamba.

Pali phindu lina limene alimi ambiri saliganizira. Mvula yoyamba ikagwa, anthu ayendayenda kupempha mpheto za mbatata, cifukwa zao zinauma m'cilimwe kapena zinadyedwa ndi mbuzi. Wosunga mbatata m'thumba limodzi adya kholowa miyezi yonse ya dzuwa, ndipo m'Novembala kapena m'Disembala ali nazo mpheto zobzala pa nthawi yace. Cimeneci ciyenera makamaka mbatata zofiira m'kati, zimene ziri ndi vitamini A wambiri, ndipo mbeu yace siipezeka pali ponse.

Wanzeru samanga matumba onse tsiku limodzi. Amanga limodzi, napumira masabata atatu kapena anai, namanga lina, kuti pamene loyamba likalamba laciwiri likhale liri kubala.

7. MADZI

Ciwiya cipulumutsa madzi cifukwa onse apita pa mizu, osamwazika m'nthaka yopanda mbeu. Koma ciuma msanga koposa dimba la ku dambo, pakuti dzuwa ndi mphepo zicigunda mbali zonse. Dimba lotere silikhululukira woiwala. Masiku awiri a m'Okutobala opanda madzi atha kuononga nchito ya miyezi iwiri.

Pa nyengo ya cisanu thumba limodzi lifuna malita ngati asanu pa tsiku. Motero cidebe cimodzi ca malita 20 cithirira matumba anai. M'Seputembala ndi m'Okutobala lifuna kawiri, m'mawa ndi madzulo. Muyeso woposa yonse ndi cala: acilowetse m'dothi kufikira mfundo yaciwiri, pakakhala pouma athirire, pakakhala pa cinyezi aleke. Madzi athiridwe pang'ono pang'ono pa mzati wa miyala.

Madzi otsukira mpunga, mbatata ndi ndiwo, ndi otsukuluzira mbale, ndi abwino. Osamba nao aloledwa ngati sopo ali wocepa, koma asinthanitsidwe ndi madzi oyera, cifukwa sopo ndi mcere ziunjikana m'dothi la m'ciwiya. Madzi otere agwiritsidwe nchito tsiku lomwelo, athiridwe pa dothi, asakhudze masamba. Koma madzi ocapira matewera a mwana, kapena zobvala ndi mbale za wodwala m'mimba, asafike ku ndiwo konse, atayidwe m'cimbudzi. Anthu a ku Vubwi akumbukira kuti kuciyambi kwa caka ca 2023 nthenda ya kolera inabuka m'boma lao, ndipo nthenda imeneyi iyenda ndi madzi ndi cakudya codetsedwa.

Wokhala ndi mgolo wodulidwa kapena beseni lalikuru ayese mphika wokwirira. Atenge mphika wadothi watsopano, wosaphikiramo, umene ucita thukuta pothiramo madzi. Aukwirire pakati kufikira m'khosi, naoke mbande kuuzungulira. Audzaze madzi oyera, nauvundikire ndi phale kuti udzudzu usalowe. Dothi likauma likoka madzi m'mphika, likanyowa lileka. Motero mbeu imwa monga mwa ludzu lace, ndipo mwini adzazanso mphika patapita masiku angapo.

Kuthirira kwa tsiku ndi tsiku kukokolola cakudya ca m'dothi. Masamba a m'munsi akayamba cikasu ndi atsopano akacepa msinkhu, mbeu iri ndi njala. Mwini aonjeze manyowa oola odzala manja pamwamba kamodzi pa masabata awiri. Kapena aviike masamba a gilirisidiya m'cidebe cobvundikira masabata awiri, nasungunule madziwo ndi ena oyera kufikira aoneka ngati tiyi wosapsa, nathire pa dothi. Cidebe ciri conse ca madzi cikhale cobvundikira ndi cosafikirika kwa mwana wokwawa.

8. ADANI A DIMBA LA PAKHOMO

Mdani woyamba ndi mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, zimene m'cilimwe ziyenda momasuka. Mpanda wa mapesi, bango kapena nsungwi umangidwe mbande zisanaokedwe. Mpanda womwewo uchinga mphepo ya m'Ogasiti.

Nsabwe za masamba zibisala kunsi kwa tsamba la repu ndi mpiru, makamaka potentha. Popeza dimba liri pakhomo ndi mbeu ziri zowerengeka, mwini atembenuze masamba m'mawa muli monse, naphwanye nsabwe ndi mbozi ndi zala. Zikacuruka awaze madzi a sopo wamtanda wocepa madzulo, natsukuluze m'mawa. Mankhwala a thonje asawazidwe pa ndiwo ngakhale kamodzi; anapangidwira mbeu yosadyedwa, ndipo masamba a pakhomo athyoledwa masiku onse, ena ndi ana.

Matimati ali ndi adani ace. Kuyambira caka ca 2016 m'Zambia munalowa kambozi kochedwa Tuta absoluta, kamene kadya m'kati mwa tsamba, kusiya mawanga oyera ngati pepala, ndi kuboola cipatso. Masamba otere athyoledwe msanga ndi kutenthedwa. Fodya naye anyamula nthenda yopiringiza masamba a matimati ndi tsabola. Wosuta kapena wogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mbeuzi.

Mbeu ikafota masana cinkana dothi liri lonyowa, mwini aizule naone mizu. Ikakhala yotupatupa ngati mikanda, muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Mbeuyo itenthedwe, ndi dothilo lisabwezedwe m'ciwiya. Koma timibulu ta pa mizu ya nyemba ndi khobwe, timene tikhala pambali pa muzu ndi kucoka pokhudza, si nthenda ai. Ndito tonenepetsa nthaka. Apa ciwiya ciposa dimba: nthenda ikalowa m'thumba limodzi ithera momwemo.

Pakutha kukolola, dothi likhutulidwe, liyanikidwe pa dzuwa, lisakanizidwe ndi manyowa atsopano. Matimati, tsabola, mabiringanya ndi fodya ndi banja limodzi, zodwala nthenda zofanana. Zisatsatane m'dothi limodzi. Pobvuta, mlangizi wa malimidwe wa m'deralo afunsidwe.

9. KUTHYOLA NDI KUPHIKA

Pothyola ayambe masamba a m'munsi, awiri pa tsinde, kusiya anai kapena asanu a kumtima kuti mbeu ikulebe. Thumba la mbande 20 lothyoledwa motero kamodzi pa sabata lipatsa masamba 40. Matumba anai apatsa 160, ndizo ndiwo za masiku angapo pa sabata kwa banja laling'ono.

Masamba atsukidwe ndi madzi oyera asanadulidwe, aphikidwe ndi madzi ocepa, nthawi yocepa. Cidulo ndi soda zifewetsa ndiwo, koma ziononga ena mwa mavitamini. Masamba anthete a pakhomo sazifuna. Nsinjiro ndiyo bwenzi la masamba, pakuti vitamini A alowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, woyamba kudya phala pamodzi ndi kuyamwa, asinjiridwe masamba ophika m'phala lace, asapatsidwe msuzi wokha. Otsala afutsidwe ndi kuyanikidwa pa mthunzi popita mphepo, pakuti dzuwa lowala licepetsa mphamvu yace.

10. NCHITO ZA MIYEZI

Epulo ndi Meyi: kusonkhanitsa matumba ndi ziwiya, kututa manyowa, kumanga mpanda, kufesa repu, mpiru ndi anyezi, kudula mpheto za mbatata zisanaume.

Juni ndi Julaye: repu ndi mpiru zikondwa ndi cisanu; madzi afunika ocepa. Matimati achingidwe ku mphepo yozizira ya usiku.

Ogasiti: kulimbitsa mpanda, kumanga thumba latsopano, kufesa bonongwe, luni ndi therere pamene kuyamba kufunda.

Seputembala ndi Okutobala: kuthirira kawiri pa tsiku, kuika mthunzi wa udzu masana, kuyang'ana nsabwe m'mawa muli monse. Iyi ndiyo miyezi imene dimba la pakhomo libweza mangawa ace.

Novembala ndi Disembala: kudula mpheto kupita nazo ku munda, kutsegula ziboo zotsekeka, kusunthira zidebe za matimati pa khonde, pakuti mvula yogwa pa masamba ibweretsa cinoni ca matimati, ndiko kupserera kwa masamba ndi zipatso.

Januwale kufikira Marici: ndiwo za m'munda zacuruka, ndiyo nthawi ya kufutsa, kuunjika manyowa a caka ca mawa, ndi kusunga njere za bonongwe ndi luni m'botolo louma.

MAU OTSIRIZA

Dimba la m'ciwiya silicotsa munda, kapena dimba la ku dambo kwa iye amene ali nalo. Silibala cimanga ca m'nkhokwe, ndipo pamene mjigo uli kutali kwambiri, matumba awiri osamalidwa aposa khumi ofota. Nchito yace ndi imodzi: kuti m'miyezi ya dzuwa mphika wa ndiwo usasowe masamba obiriwira. Akuru anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Momwemo ndiwo za pakhomo ndizo zimene mai azifikira ngakhale tsiku limene mwana wadwala kapena ku mudzi kwagwa maliro.

Kumanga thumba kufuna mphamvu ya tsiku limodzi, koma kulisamala kufuna kapu ndi dzanja cabe. Cifukwa cace anyamata ndi misonkhano ya amai akhoza kumangira nkhalamba, opunduka ndi amasiye a m'mudzi mwao, ndi kuwagawira mbande za pa nazale imodzi. Eni acewo adzathirira ndi kuthyola okha, osapempha ndiwo kwa anansi. Woyamba ayambe ndi thumba limodzi m'mwezi wa Meyi, naonjeze lina ataona mayendedwe ace. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha.

MAFUNSO A POKAMBIRANA

1. Ndi miyezi iti imene ndiwo za masamba zisowa m'mudzi uno, ndipo ndi mabanja ati amene alibe dimba?

2. Cifukwa ninji ciwiya ciyenera kukhala ndi ziboo pansi, ndipo mzati wa miyala ugwira nchito yanji m'thumba?

3. Ndi ziwiya ziti zosayenera kubzalamo ndiwo?

4. Ndi madzi ati a pa nyumba ololedwa kuthirira, ndi ati oletsedwa?

5. Kodi kutupa kwa nthenda pa mizu ya matimati kusiyana bwanji ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba?

6. Ndani m'mudzi uno ayenera kumangiridwa thumba loyamba, ndipo adzamangira ndani?